Mtsuko wa Mchenga Wonyowa

Zaka zimene ndinayenda ndi achimwene anga a Maliseni sindiziwerenga, chifukwa sizinkabwera motsatana ngati za anthu ena. Mvula inkayamba tili pamsewu wina, n'kudzaleka tili pamsewu wofanana nawo, mitengo yake yomweyo, agalu ake omwewo. Chimene mutu wanga sunaiwale ndi kulemera kwa mtsuko. Unali mtsuko waung'ono wodzaza mchenga wonyowa, ndipo mumchengamo ndinkakwirira timabotolo ta insulini, mankhwala amene achimwene ankadzibaya m'mawa ndi madzulo kuti akhale ndi moyo. Mankhwalawo amadana ndi kutentha. Firiji ife tikanaiona kuti? Choncho kulikonse kumene tafika, ndisanafunse pogona, ndinkayamba ndafunsa njira ya kuchitsime.

Matendawa anawapeza ali kale bambo wapabanja, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula. Ankamwa madzi kapu pamwamba pa kapu koma ludzu osatha. Anaonda mpaka anaboola mabowo atatu atsopano pa lamba wawo, ndipo pamene ataya madzi pankasonkhana nyerere. Alamu anga anaona kuondako, anamva manong'onong'o a anthu, namanga katundu wawo. Ine ndinali ndilibe mwamuna kapena mwana wondigwira chitenje, ndiye udindo wodwazika unagwera ine.

Kuchipatala analowetsa achimwene okha m'chipinda, ine n'kutsala pabenchi panja. Atatuluka ndinawafunsa kuti akuti chiyani.

"Akuti ndi shuga. Kapamba wanga wagona tulo, sakutulutsanso timadzi tija totsitsa shuga m'magazi. Ndizidzibaya ndekha mpaka tsiku langa."

"Nanga chakudya?"

"Zotsekemera ndisiye. Koma akutinso ndiziyenda ndi maswiti awiri m'thumba. Tsiku limene ndayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta lozizira, ndidye msanga."

Ndinaseka mpaka anthu a pabenchi anatembenuka. Muyenera kuwadziwa achimwene anga. Kuyambira ubwana anali munthu wa zotsekemera, wonyambita shuga wa amayi n'kunamizira mphaka, ngati mphaka amatsegula chitini. Bodza lawo linali lokoma moti unkalimvetsera ukudziwa kuti ndi bodza.

"Namwino wake uti angauze munthu wa shuga kuti azidya shuga? Mwayamba kale, achimwene, pageti tisanatuluke n'komwe."

Iwo anaseka nawo, poti ankaseka chilichonse. "Lowa ukafunse wekha, mlongo."

Ndinayang'ana chitseko. Chinali chitatsekeka kale kumbuyo kwa wodwala wina, ndipo mzere unali wautali mpaka pansi pa mtengo. Sindinalowe. Mawu akuti safunsa adadya phula ndinkawadziwa bwino, koma ndinkawasungira anthu ena. Ndikuuzeni pano poyera, kuti musayende mumdima monga ndinayendera ine: achimwene ankanena zoona.

Mwezi wina tinafika pazenera la mankhwala, dzanja lovala wotchi linatuluka pang'ono, mawu akuchokera mkati. "Atha. Yesani kwina." Kathabwa kanatsekedwa. Umo ndi mmene ulendo wathu unayambira, iwo ndi bokosi la zida zawo paphewa, ine ndi mtsuko pankhata ndi phukusi kumsana, kutsata timabotolo kumene tamva kuti tilipo.

Tauni yoyamba inali ya chigayo. Chinkalira tsiku lonse, ndipo fumbi la ufa linkatera pa chilichonse, moti ngakhale ana ankayenda ndi imvi. Kumeneko mankhwala analipo. Achimwene anakhazika chitsulo chawo chokhomera pansi pa mtengo wa pamsika, ine ndinapeza ntchito yotunga madzi ndi kusonkha moto kukhitchini ya wodi ya ana otupikana. Ana amenewo sankalira kwenikweni. Ankangokuyang'ana, masaya ndi mapazi zitatupa, tsitsi litafiira, amayi awo akulumbira kuti phala amawapatsa katatu pa tsiku.

Woyang'anira khitchiniyo anali mayi Nachisale, mzimayi wamtali wosaseka wamba, amene ankayeza chilichonse ndi kachitini kamodzi kophwanyika m'mphepete. Tsiku lina anandipeza ndikuyang'anitsitsa mwana wina.

"Phala katatu pa tsiku, mwana n'kumatupabe. Ukudziwa chifukwa chake?"

"Kaya, mwina makolo ake anamutsempha."

"Womutsempha ndi uyu," anatero akumenya thumba la ufa woyera ndi chipande. "Mimba ikukhuta koma thupi silikupeza zomangira. Zomanga thupi, zimene amati mapuloteni, si chinthu chimodzi ayi. Zili ngati mkanda wa timikanda makumi awiri tosiyana, a sukulu amati ma amino asidi. Tina thupi limapanga lokha. Tisanu ndi tinayi silingathe, tiyenera kuchokera m'mbale. Chimanga chili nato tina, koma tiwiri tikuperewera. Nyemba zili ndi tomwe chimanga chikusowa, koma nazo zili ndi pake pochepa. Ndiye uziphatikiza, zikwatirane. Dzira lokha ndilo silifuna mnzake, lili nato tonse."

Ndinameza mawu amenewo ngati munthu wanjala. Ndinafunsa za achimwene.

"Dzira, usipa, nyemba, zimenezi sizikweza shuga msanga ngati tiyi kapena phala la ufa woyera. Kwa ine ndi iwe, ngakhale nyama imagogoda kwa kapamba kuti atulutse insulini pang'ono, wolowetsa chakudyacho m'minofu. Kwa achimwene ako kulibe woyankha, ndiye jakisoni ndi amene amagwira ntchitoyo. Koma jakisoni alibe maso, iye..."

Pamenepo anaitanidwa kuwodi, mwana wina atakomoka. Anapita akupukuta manja, ndipo mawuwo sanawamalize. Ine sindinawakumbutse. Ndinaona ngati ndamva kale zokwanira.

Ndinaphunzira kusakaniza mgaiwa ndi nsinjiro ndi ufa wa usipa, kuviika nandolo asanaphikidwe, kusiya madzi a nyemba osataya. Zonsezo ndinkakazichita kunyumba. Achimwene anayamba kubwerera m'thupi, lamba anabwerera bowo limodzi, kenako lachiwiri. Anthu a pamsika ankandiloza kuti mlongo wosamala ndi ameneyu. Ndinkachita ngati sindikumva, koma mawuwo ankanditsekemera kuposa chilichonse chimene ndinkawaletsa iwo.

Tsiku lina masana mayi wogulitsa tomato anafika kukhitchini ali wefuwefu, nati m'bale wanga wagwa. Ndinawapeza atakhala pansi pakati pa zidebe zawo, malaya atanyowa ndi thukuta lozizira, manja akunjenjemera, akulankhula zosalumikizika ngati woledzera. Ndinaweruza nthawi yomweyo kuti shuga wakwera. Ndinathamangira kukhitchini kukatenga dzira lowiritsa. Pobwera ndinapeza bambo wogulitsa nzimbe atagwada pambali pawo, atawasendera mfundo ziwiri, iwo akutafuna madzi ake akuchucha pachibwano. Ndinalanda nzimbeyo n'kuiponya m'ngalande, ndinawakankhira dzira m'kamwa. Pasanapite nthawi maso awo anabwerera.

"Nzimbe ija ndi imene yandidzutsa," anatero atapuma.

"Dzira ndilo lakudzutsani. Nzimbe ikanakuphani, mwayi wanu ndafika msanga."

Bambo wa nzimbe anatola mpeni wake. "Ine ndaona munthu akupempha, ndapereka. Ngati ndalakwa, pepani mayi."

Nditabwerera kukhitchini ndinauza mayi Nachisale kuti achimwene anafooka ndipo dzira lawadzutsa. Za nzimbe sindinatchule, ndinachita manyazi kuti wodwala wanga wadya nzimbe ine ndili pafupi. Iwo anali pakati poyeza ufa, anangoti dzira ndi labwino. Chikhala ndinatchula mawu amodzi okhawo, bwenzi atandikhazika pansi n'kundiuza kuti shuga sanakwere koma anatsika, kuti jakisoni amatsitsabe ngakhale palibenso chotsitsa.

Zenera la m'tauni ya chigayo nalo linadzatseka. Dzanja linali lomwe lija, kapena m'bale wake, wotchi yake yoima pa nthawi yomweyo. Tinanyamuka. Tinadutsa malo amene sindingawatchule, mwina tinagona mwezi, mwina chaka, mpaka tinafika pamudzi wa nkhuku, pafupi ndi kachipatala ka malata a dzimbiri.

Tinakhala pakhomo pa a Dzonzi, bambo wamasiye amene ankalankhula ndi nkhuku zawo kwambiri kuposa ndi anthu. Achimwene ankawakhomera zomwera ndi zodyera za m'khola, ine ndinkatola mazira. A Dzonzi anandiphunzitsa kuti dzira labwino limamira m'madzi pomwe losukusa limayandama, ndiponso kuliunika padzuwa m'dzanja lopinda kuti uone ngati muli mwana. Anandiphunzitsa kuti soya sadyedwa wosakazinga, umamutembenuza m'chiwaya mpaka fungo lisinthe, n'kumupeta, n'kupita naye kuchigayo.

"Nkhuku yodya gaga yekha imaikira mwa apo ndi apo," ankatero. "Ithireni soya ndi zinyenyeswa za usipa muone. Munthu ndi chimodzimodzi, mayi, kungoti munthu amatsutsa."

Kumeneko ndinafika pachimake pa luso langa. Ndinkadziwa kulemera kwa chakudya chilichonse m'dzanja. Nsima ya achimwene ndinkaichepetsa mwezi ndi mwezi mpaka inatsala kamtanda kamodzi kochititsa manyazi, ndiwo ndiye zambiri. Iwo ankati ndikuwaweta kuti ndidzawagulitse pa Khirisimasi.

Nyengo yopalira mayi Nangondo, a nyumba yoyandikana nafe, anaitana dima, anthu kukawathandiza kumunda iwo ataphika thobwa. Achimwene anadzibaya m'mawa, ndinawapatsa mazira awiri ndi masamba otendera, iwo natenga khasu. Dzuwa litakwera ndinamva anthu akuitana. Ndinawapeza atagona chammbali pakati pa mizere, thukuta lomwe lija, maso omwe aja osandizindikira. Mayi Nangondo anali atawakweza mutu pamiyendo pawo, akuwamwetsa thobwa pang'onopang'ono ndi chipanda. Theka linali litalowa kale. Ndinamenya chipandacho chinagwera uko.

"Mukufuna kundiphera m'bale wanga? Wakutumani ndani?"

Makasu onse anaima. Mawu oterewa pamudzi sanenedwa kwa munthu amene waphikira anthu. Mayi Nangondo anadzuka, natola chipanda, natunga m'mbiya ya thobwa momwemo, namwa iwo eni pamaso pa aliyense mpaka kuchipendeketsa, kuti onse aone kuti m'thobwa mwawo mulibe kanthu. Kenako anabwerera pamzere wawo. Ine ndinasenda dzira langa, ndipo achimwene anadzuka monga anadzukira kale. Ndinawerenga kuti dzira lapambana kawiri.

Kuyambira tsiku limenelo moni wanga ankagwera pansi. Kuchitsime amayi ankandipatsa malo ambiri kuposa amene ndinkafuna. A Dzonzi anapirira sabata, kenako anatiitana pafupi ndi khola.

"Ukayenda siya phazi, mayi. Mlomo ukausiya umakutsata. Ine ndikhala ndi anthuwa mpaka adzandiike."

Tinachoka mankhwala asanathe n'komwe. Achimwene sanandidzudzule. Panjira anangoti thobwa lija linali lokoma, ndipo akufuna kudzafera m'mudzi umene amaphika lotero. Ndinawauza kuti asiye kulankhula zopusa.

Kuchokera pamenepo zaka zimandisokonekera. Ndimakumbukira dziko la mitengo yambiri, kumene amayi anandiphunzitsa kufinya mphalabungu, kuziwiritsa m'madzi amchere n'kuziyanika pamphasa. Ndimakumbukira malo a ziswe, ndi tauni ya njanji yopanda sitima kumene ndinkasenda nzama kwa mwenye wina. Mwina anali malo atatu, mwina amodzi amene ankangosintha nkhope. Paliponse ndinkafika ndi mtsuko, paliponse panali wondiphunzitsa chakudya china chomanga thupi, paliponse panali zenera. Nthawi zina ndinkalota ndikukumba mumchenga wa mumtsuko, dzanja likulowa mpaka paphewa osapeza botolo kapena pansi pake. Ndikadzuka ndinkawerenga timabotolo, n'kumvetsera ngati achimwene akupuma.

Ndinkawakonda achimwene anga. Ndinkakondanso kukhala wodziwa. Mpaka lero sindinathe kuyeza kuti chachikulu chinali chiti.

Tsiku lina tikupuma pamlatho wa mitengo, ndinatsegula bokosi lawo la zida kufuna lumo. Pansi pa misomali ndinapeza kansanza komanga, mkati mwake muli maswiti awiri akale, mapepala ake atamatirira. Ndinawaonetsa m'mwamba ngati ndagwira mbala.

"Amenewo asiye," anatero, ndipo sanaseke. "Ndawasunga chaka chathunthu osawakhudza. Munthu wadyera angasunge switi chaka?"

"Kamba sataya chigoba chake, achimwene. Ndikukudziwani."

"Mlongo wanga, umandisamala ngati nkhuku za a Dzonzi, ndipo ndikuthokoza. Koma a Dzonzi nkhuku ikalira ankaimvetsera. Thupili ndi langa, ndimamva mmene limachitira. Chikabwera chija ndimakhala ngati ndikumira, ndipo chotsekemera ndicho chimandikoka."

Ndinaponya maswitiwo mumtsinje. Anawayang'ana akupita, kenako anamanga bokosi lawo mwakachetechete. Tinapitiriza ulendo, ndipo ndinaona ngati ndapambana mlandu.

Malo otsiriza amene tinagona limodzi anali m'munsi mwa phiri, kwa a Lipenga, mlimi wa njuchi. Ming'oma yawo inali lendelende m'mitengo kuzungulira nyumba, ndipo mpweya wonse unkalira chapansipansi. Tinakhala masiku ochepa, achimwene akuwakonzera chofukizira utsi. Tinamva kuti kuseri kwa phirilo kuli chipatala chimene chalandira mankhwala, ulendo wa tsiku limodzi wapansi.

M'mawa wonyamuka akazi a a Lipenga anatiphera nkhuku, monga amachitira kwa mlendo amene wagwira ntchito yabwino, naphikanso chinangwa. Dzulo lake achimwene anali atamwa madzi ambiri, ndiye ndinaganiza kuti shuga ali pamwamba. Anadzibaya monga mwa masiku onse. Ndinawagawira chiganga cha nkhuku ndi nthutumba, koma mbale ya chinangwa ndinaikokera kwanga.

"Apatseniko alendowo kachidutswa, njira ndi yokwera," anatero mayi a pakhomopo.

"Nyama ikwanira. Ndimawadziwa ine."

Potsanzikana a Lipenga anandipatsa botolo lodzaza uchi, lotseka ndi chitsononkho. Mphatso siikanidwa. Ndinalikulunga m'chitenje n'kuliika pansi pa phukusi, pamodzi ndi mazira anayi owiritsa a kamba wa panjira.

Njira inali yokwera ndithu. Dzuwa litafika paliwombo ndinamva mapazi akumbuyo kwanga akukhwekhwereza. Nditacheuka ndinaona thukuta lija. Kunalibe msika, kunalibe munda, kunalibe munthu ngakhale mmodzi, udzu wouma wokhawokha ndi mtengo umodzi wa msuku. Ndikuvomera kuti mkati mwa mantha anga munali kachimwemwe. Ndinati lero palibe wondisokoneza, ndiwachiza mwa njira yoyenera kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ndinatula mtsuko pamthunzi, ndinawakhazika motsamira mtengo.

"Mlongo, masula phukusi. Uchi uja."

"Khalani phee, ndikusenderani dzira."

"Ndikukupempha. Kachala kamodzi kokha."

"Uchi ndi moto kwa inu, achimwene. Mukufuna ndikanene chiyani kwathu?"

Anayamba kukwawira kumene kunali phukusi. Ndinalikoka n'kulikhalira. Munthu wamkulu, amene anandibereka kumbuyo ndili khanda, ankakanda dothi pafupi ndi mapazi anga. Ananditukwana, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire. Kenako anasiya kutukwana nayamba kundiitana kuti amayi, akupempha ndi mawu a mwana wamng'ono. Misozi inkatsika m'masaya mwanga, koma sindinasunthe. Ndinkadziuza kuti chikondi chenicheni ndi chimenechi, chokana pamene wina aliyense akanalola.

Ndinawaika chidutswa cha dzira m'kamwa. Chinangokhala pa lilime. Thupi lawo linauma n'kugwedezeka kanthawi, kenako linamasuka, nayamba kupuma mokoka ngati ali m'tulo tatikulu. Ndinati dzira layamba ntchito. Ndinawapukuta nkhope, ndinawakupiza ndi nsonga ya chitenje, ndinathiranso madzi pamchenga wa mumtsuko kuti mankhwala awo a madzulo asatenthe. Mthunzi wa msuku unachoka mbali imodzi kupita ina ine ndikudikira kuti atsegule maso ndiwauze kuti mwaona.

Ngolo ya ng'ombe yonyamula nkhuni inatipeza dzuwa litapendeka. Mwini wake anatsitsa nkhuni zina popanda kufunsa zambiri, tinawagoneka pamwamba.

Kuchipatala cha kuseri kwa phiri kunali dokotala wamkazi wachitsikana, wa mawu ofatsa. Anawabaya chala n'kuika kadontho ka magazi pa kamakina. Anayang'ana, nabwerezanso.

"Shuga watsikiratu, makina sakumupeza n'komwe. Bweretsani madzi a shuga, msanga."

Nditamva zakuti madzi a shuga ndinaimirira kuti ndiwaletse. Pakamwa ndinali nditatsegula kale. Ndinaona namwino akulowetsa madziwo mumtsempha wa achimwene, jakisoni wamkulu wathunthu, dokotala ataima pomwepo, ndipo ndinakhalanso pansi.

Shuga anabwerera m'magazi, koma mwini wake sanabwerere. Anagona masiku awiri maso ali otseka. Ndinkawauza nkhani za kwathu, ndinkawalonjeza thobwa, nzimbe, chilichonse. M'mawa wa tsiku lachitatu anatisiya.

Dokotala uja anandipeza pabenchi panja, phukusi lili pamiyendo. Anakhala pambali panga, chinthu chimene palibe wa chipatala anachitapo zaka zonsezo. Anandifunsa zimene anadya tsikulo, ndinamuuza. Anandifunsa zimene ndinachita atagwa, ndinamuuza za dzira.

"Nkhuku ndi dzira ndi zakudya zabwino, mayi, thupi lawo likuonetsa kuti munkawadyetsa bwino. Koma shuga akatsika chotero, dzira limachedwa. Limafika patatha maola, pamene ubongo sungadikire. Pamafunika chotsekemera nthawi yomweyo, munthu akadali wotha kumeza. Masupuni awiri okha akanakwana. Munalibe chilichonse? Shuga, switi, uchi?"

Botolo ndinkalimva kuuma kwake pantchafu panga, kudutsa chitenje.

"Tinalibe."

Anandigwira paphewa. "Ndiye musadziimbe mlandu. Pathengo paja simukanachitira mwina."

Tinawaika m'manda a anthu achilendo kuseri kwa chipatalacho. Anthu amene sankatidziwa anabwera kudzakumba ndi kuimba. Nkhani yanga inali itamveka kale m'mawodi, ndiye amayi ankabwera mmodzimmodzi kudzandigwira dzanja, akuti mlongo wotere sapezeka masiku ano, wosenza mankhwala a m'bale wake pamutu zaka zonsezi. Ndinkayankha kuti zikomo.

Kwathu sindinabwerere. Ndimayendabe, ndipo ntchito sindiisowa, chifukwa manja anga amadziwa kuphikira ofooka. Ndaphikira ana otupikana, amayi ochira kumene, nkhalamba zopanda mano. Amanenepa, abale awo n'kuyamba kundiyamika, ndipo kuyamikako kukachuluka ndimamanga phukusi. Pa odwala shuga amene ndakumana nawo, aliyense ndimamuuza za masupuni awiri, ndimauzanso womudwazika, mobwereza mpaka kutopetsa. Amandifunsa kuti ndinaphunzira kuti, ndimati kuchipatala.

Palibe amene anandikalipirapo. Bambo wa nzimbe anapepesa, mayi Nangondo anamwa thobwa lawo, dokotala anandimasula ndi mtima wake wonse pa mlandu umene sanaumve. Nthawi zina ndikafika pamalo atsopano ndimafotokoza imfa ya achimwene, ndimafika mpaka pansi pa msuku paja, n'kuima, kudikira kuti wina andifunse ngati m'phukusi munalibe kanthu. Yankho ndinalikonza kalekale. Koma anthu ndi achifundo, amangogwedeza mutu n'kunena kuti zinali zolembedwa, ndipo mpaka lero palibe wandifunsanso.